Mzere wa 418

Ndinatsika chapa ya ku Ulongwe nditavala juzi
ndipo Tete anandiseka.
Kuno dzuwa silituluka, limachita kukugwera.
Nsapato zobwereka kwa Felizarda
zinayamba kundiluma ndisanafike pachipata.

Ofesi ili pansanjika yachitatu.
M'katimo muli chisanu chogula ndi ndalama,
choposa cha Juni kwathu ku Domwe,
koma chopanda fungo la mame.
Anandikoleka khadi m'khosi,
pachithunzi maso ali tong'o ngati mbuzi ya pamsika,
nandipatsa pepala loti ndisayine:
zimene uone muno uzisiye muno.
Ndinasayina osawerenga kawiri.
Ndikanaona chiyani ine, mlendo wa masabata asanu ndi limodzi?

Sabata yoyamba ndinaphunzira makina ojambula mapepala,
mbali imene umawamenya akanyanyala.
Yachiwiri, Dona Ermelinda, omwe amamwa madzi otentha opanda masamba,
anandikankhira makatoni anayi a malisiti
a kampani yonyamula malasha ku Moatize.
Dizilo. Matayala. Dizilo. Chindapusa cha pamsewu.
Zala zinada ngati ndakumba nawo.
Mametikali 270 anandizemba masiku atatu,
ndinawagwira Lachinayi madzulo:
wina analemba 360 pomwe panali 630.
Ndinafuna kululuta.
A Jasse anangoti, "Chabwino," maso ali pafoni.

Sabata yachinayi, ndandanda wa malipiro.
Mayina mazanamazana, kutsetsereka pakompyuta
ngati nyerere zosamuka.
Mzere wa 418:
Atanasio Chimbalanga, wotsuka magalimoto.

Achimwene.
Omwe amaimba Lamlungu lililonse kuti ndi dalaivala,
kuti angobwera kumene ku Beira, msewu waipa.
Omwe anatumiza ya fetereza matumba awiri
ndi theka la fizi yanga.
Malipiro awo ndinawawerenga katatu
ngati kuti akula ndikabwereza.
Pambali pake: kudula, majombo otayika.
Kudula, masiku awiri osabwera.
Masikuwo ndinawadziwa.
Tinali tonse kumanda, iwo ali m'dzenje ndi fosholo.

Ndinapita kwa a Jasse ndi funso loveka tayi:
kodi majombo amodzi amadulidwa kawiri, Meyi ndi Juni?
Anasuzumira, nawerengera mumtima.
"Pakampani ngati iyi kameneko ndi kafumbi,
sikasuntha sikelo. Pitirira."
Sananame.
Aphunzitsi athu analemba zomwezo pabolodi
ndipo funso lake pamayeso ndinakhoza.

Ndinalembabe kapepala kachikasu
nkukamata pafayilo.
Kaya kanafika, kaya kanagwera pansi pa tebulo.

Loweruka tinakumana kumsika wa Kwachena.
Anabwera ndi malaya ositidwa mpaka kuthwa,
makiyi akulira m'lamba.
Makiyi a chiyani, sindinafunse.
Anandigulira kanyenya wa mbuzi, iwo akuti adya kale.
"Ukamaliza udzandilembe ntchito, mlongo,
ndatopa ndi chiwongolero."
Ndinaseka nawo.
Manja awo anali pabenchi,
khungu lotuwa, losupuka ndi sopo,
ine nyama yandiima pakhosi.
Pepala lija silinanene kanthu za mmene umamezera.

Tsiku lomaliza kunali keke.
Dona Ermelinda anandigwira phewa, nati ndili ndi diso.
Pakalata ya umboni anaphonya chilembo chimodzi m'dzina langa,
kafumbi, sindinawabweze.
Khadi ndinasiya kwa mlonda.

M'chapa yobwerera ndinakhala kuwindo,
juzi ili pamwendo kudikira mapiri.
Titadutsa Zambezi, cha ku Moatize,
malole anayamba kutipyola, ndipo ndinayamba kuwawerenga,
poti dzanja likazolowera silimva.
Khumi ndi limodzi, khumi ndi awiri,
onse akuda, fumbi lokhalokha.
Lakhumi ndi chitatu linali lonyowabe,
lotsukidwa mpaka kuseri kwa matayala,
kumene palibe bwana amayang'anako.