Masamba Atatu pa Benchi ya Labu

Lachitatu masana, ana atathamangira ku nkhomaliro,
ndayala masamba atatu pa benchi ya labu
ngati nsomba zodikira kupalidwa mamba.

Loyamba ndidalithyola pathanthwe ku Senga,
lofiira, lopsa ndi dzuwa la Okutobala,
minga yake idandilemba mizere pamkono
imene mkazi wanga sadaikhulupirire.
Lachiwiri, la mawangamawanga ngati nkhanga,
wabwera nalo Asiyatu wa Fomu 3 kuchokera ku Khombedza
atalikulunga m'pepala la mayeso a chaka chatha.
Lachitatu ndi la alovera wonenepa
wokulira m'chitini cha penti kuseri kwa nyumba ya anesi,
womwa madzi otsukira mbale m'mawa ndi madzulo.

Pa Kamuzu Road pali bambo wa mabotolo
amene amafuula pa chimkuzamawu tsiku lonse:
chinthembwe ndi chinthembwe basi, n'chimodzimodzi,
cha zilonda, cha m'mimba, cha shuga, cha chitopa cha nkhuku,
bwerani mayi, botolo latsala limodzi!

Ndadula.
La ku Senga lalira msanga,
misozi yachikasu, yonunkha ngati khola la mbuzi mvula itagwa.
La ku Khombedza lazengereza.
Dontho.
Kenaka lina,
ndipo litangomva mphepo layamba kuda ngati chiwindi.
La alovera silinalire n'komwe,
langotsegula mimba yake yoyera,
yoterera ngati therere, madzi okhaokha.

Mankhwala oyesera adatha teremu yatha,
kabati yatsala ndi mphemvu ndi malisiti.
Tsono Asiyatu watulutsa botolo la chidulo
chimene adasefa yekha ku phulusa la zitsononkho.
Tadontheza m'machubu atatu, taimika pawindo.
Yoyamba yafiira psuu, ngati takhadzula chala.
Yachiwiri yafiirira mwamanyazi,
ngati madzi otsukira nyama.
Yachitatu taidikira, taigwedeza,
yangochita kamtambo pansi, basi.

Kenaka pepala losefera, timadontho titatu, sipiriti m'kapu.
Takhala chete tikuona mitundu ikukwera
monga nyerere pakhoma:
wina watopa msanga, wakhala pansi,
wina wapitirira mpaka pafupi ndi chala changa,
wina wagawika pawiri panjira
ngati abale okanganirana munda.
Mapepala atatu, makwerero atatu,
palibe ofanana.

Buku lathu lopanda chikuto likuti chowawacho ndi aloini,
chimakhala pansi pa khungu la tsamba,
chimatsegula m'mimba, chimafinya zimene chapeza.
Silikunena za ku Senga.
Silikudziwa kuti kuli Khombedza.
Amene adalilemba sadapondeko kuno,
ndipo tsamba 114 adakulungira mtedza.

Asiyatu walemba mawuwo pachikhatho,
wawayang'ana nthawi yaitali,
kenaka wafunsa osandiyang'ana:
Aphunzitsi, nanga achemwali anga adamwa uti?

Ndimaidziwa nkhaniyo. Sukulu yonse imaidziwa.
Miyezi isanu ya pakati, kudzimbidwa kwa sabata,
botolo lopanda dzina la pamsewu paja,
makapu atatu pa tsiku monga adauzidwa,
kabaza usiku mpaka kuchipatala cha boma,
n'kubwerako ndi chitenje chopinda bwinobwino
chimene adagulira kuberekera.

Ndayang'ana machubu anga.
Kufiira kuja sikuyankha mafunso otere.
Mwina lidali botolo, mwina malungo, mwina china,
pepala losefera silikwera mpaka kumeneko.
Ndati: sindikudziwa.
Chimene ndikudziwa n'choti si chimodzimodzi.

Limu ya galimoto yalira pamtengo wa mango.
Iye waumitsa mapepala atatu aja padzuwa,
walemba pa lililonse mudzi wake ndi tsiku,
wawaika pakati pa kope la sayansi
ngati zithunzi za anthu ofunidwa ndi apolisi.
Loweruka, akuti, apita ku Thavite,
kuli china cha maluwa achikasu chimene sitinachidule.

Ndatsuka machubu ndi sopo kawiri.
Madzulo, ndikutembenuza makope a ana,
ndanyambita chala mosaganiza,
ndipo Senga yense wandiwawa pa lilime.