Kumezanitsa

Nditatuluka m'ndende ya ku Chania
ndi jumbo m'manja ndi nsapato zopanda zingwe,
palibe amene anandifuna kumudzi kwathu
kupatula mayi Zacharenia, amasiye aja
amene ndinawabera mbuzi zisanu ndi ziwiri.
Za mbuzi sanatchule.
Anangondipatsira mpeni, chigwiriro chili kwa ine,
nati, Tiye kumunda, Malichi sadikira munthu.

Kumtunda kwa munda wawo, m'miyala,
kunali mtengo wa azitona wakuthengo,
waminga, timasamba ngati makutu a mbewa,
zipatso zake zoti ngakhale mbalame imalavula.
Ndinati, Uwu ndi nkhuni basi.
Iwo anati, Ucheke, koma usauzule.

Ndinaucheka. Anang'amba chitsa pakati,
nalowetsamo kanthambi ka mtengo wabwino,
kochepa ngati chala cha khanda,
namanga ndi chingwe, namata phula pabala.
Kwatha, anatero, akupukutira manja m'diresi lakuda.
Kuyambira lero si wakuthengonso.

Ndinaseka. Chitsa chinali chitsabe.

Usiku wa Pasaka ndinaima kunja kwa tchalitchi,
kumbuyo kwa khamu, msana kukhoma,
poti munthu ngati ine salowa.
Moto unachoka m'manja mwa wansembe Prokopios,
nuyenda kandulo ndi kandulo mpaka pabwalo,
ndipo kamtsikana kosandidziwa kanatembenuka
n'kuyatsa yanga osafunsa dzina.
Apo mpamene ndinaumva mpeni.
Uja anapachikidwa pamtengo
anang'amba mtima wanga nalowetsamo moyo wake.
Sindinalipire kanthu. Ndikanalipira chiyani?
Ndi milandu imene woweruza sanaidziwe n'komwe
inathera pomwepo, phula likundiotcha chala.

Ndinkayesa kuti kukacha ndidzuka mngelo.

Patapita masabata atatu ndinaledzera raki,
ndipo Eftychis atandinena wakuba pamaso pa anthu
ndinamuthyola mphuno ndi mpando.
M'mawa mwake ndinakwera kumunda kukatsanzika,
kukanena kuti pa ine sizinagwire.
Ndinawapeza atagwada patsinde la chitsa chija,
akudula mphukira zaminga zotuluka m'munsi.
Ukuziona izi? Zimamera pansi pa bala.
Ndi wakale uja, akufuna malo ake.
Ukazilekerera zimwa madzi onse.
Koma tayang'ana pamwamba.

Ndinayang'ana. Timasamba tiwiri, totuwa kunsi.

Nanga zidzaleka liti kumera?
Anandiyang'ana ngati ndafunsa tsiku limene nyanja idzaume.
Tenga mpeni. Ukatha upite kwa Eftychis.

Chaka choyamba, masamba okha.
Chachiwiri mphepo yakumpoto inathyola nthambi imodzi,
ine ndinabwerera ku botolo kawiri.
Chachitatu sindikumbukapo kanthu,
koma kudzuka, kupemphera mawu omwewo,
kutunga madzi, kugona.
Mwina mizu imagwira ntchito m'zaka zotere.
Chachinayi tinatola zipatso zodzaza chipewa changa,
mayi Zacharenia naziviika m'madzi amchere
ndi kundituma kukapereka theka
kwa munthu wa mphuno yokhota uja.
Anadya imodzi ataima pakhomo,
nalavulira nthangala kumapazi kwanga,
kenaka anakoka mpando.

Tsopano papita zaka khumi ndi chimodzi.
Amasiye aja agona kuseri kwa tchalitchi,
ndipo nyali ya pamanda awo
ndimathiramo mafuta a mtengo womwewo.
Chipsera chikuonekabe, chotupa ngati bondo,
pamene moyo wa wina unakumana ndi wanga.
Sindinaubalitse ndine. Ndimangodula.

Dzulo mwana wa Eftychis anandiphonya ndi njinga yamoto,
ndipo mawu akale anafika mpaka kumano.
Ndinawameza, koma anafika.
Lero ndalawirira kumtunda.
Patsinde ndapeza mphukira zitatu,
zanthete, zokongola ndithu, minga isanaume.
Ndagwada.