Khodi ya pa Lizulu

Pulogalamuyo ndinaitola pa intaneti, yaulere,
yolembedwa ndi anthu amene sindidzawaona.
Inkawerenga makilo. Kuno timagulitsa pa ndowa.
Ndinaiphunzitsa ndowa, thumba, mulu wa kabichi,
usiku wa mu Juni, zala zitauma ndi chisanu.

Miyezi isanu inali yanga ndekha
mu shopu ya mlamu wanga.
Layisensi inali phee. Sinandifunse kanthu.

Kenako a kopaletivi ya mbatatesi ku Tsangano
anandiitana, ndalama zili mu envelopu.
Nditawaikira m'makompyuta awo awiri,
mlembi wawo, Nandau, anagwira cholembera m'mwamba:
"Nanga khodi yake?"

Ndinaseka. Iye ayi.
Anandilozera ndime imene ndinaidumpha:
gulitsa ngati ukufuna,
koma ukapatsa wina, umupatse ndi zam'kati zomwe,
zimene unapeza ndi zimene wasintha.

Mu minibasi ndinkawerenga tulo tanga tonse totayika.
Tikufika pa Mlangeni ndinawerenganso zina:
mizere zikwi makumi anayi ndinaipeza yolembalemba,
yanga mazana atatu basi.

Ndinamutumizira m'mawa mwake.
Lachinayi anandibwezera,
atakonza pamene ndinkabera alimi theka la ndowa
osadziwa.