Mkono wa Kumanzere

Sunnvør, unasiya juzi ikadali pasingano,
thupi lonse litatha, mkono wa kumanja utatha,
wa kumanzere utangofika pachigongono.
Inakhala mudengu pansi pa windo miyezi isanu ndi umodzi,
ine ndikuilambalala ngati galu wa eni.

Kuno ku Klaksvík chisanu chikagwira
dzuwa limangosuzumira kuseri kwa phiri n'kubwerera,
usiku umatalika mpaka wailesi kutha nkhani.
Zaka makumi anayi ndinasoka maukonde padoko,
ndiye ndinati diso ndi diso basi,
la ukonde, la juzi, kusiyana kwake n'kotani?
Ndinadzinamiza.

Lachinayi ndinakagogoda kwa Rannvá,
kumene amayi asanu ndi awiri amaluka akumwa khofi.
Macheza anaduka ndisanavule n'komwe nsapato.
Oddvør ndiye anayamba kuseka:
"Hanus, singano si mbedza.
Waigwira ngati ikufuna kuthawira m'madzi."
Anandipatsa mpando wako.
Palibe ananena kuti ndi wako, koma ndinaona pamene unapereseka.

Lowetsa, kola, tulutsa, taya.
Lowetsa, kola, tulutsa, taya.
Zala zanga, zokhakhala ndi mchere,
zinkakoka ulusi ngati chingwe cha nangula.
Usiku woyamba ndinaluka mizere itatu.
M'mawa mwake ndinaphwasula inayi.
Wachinayiwo unali wako.
Ndinatuluka panja opanda chipewa,
ndinakaima pamphepo mpaka makutu kuwawa.

Ubweyawu ndi wa nkhosa ija yotuwa,
yamakani, inkakana kutsika m'phiri.
Ukanyowa umanunkhabe khola.

Pansi pa khwapa Rannvá anapeza diso lomwe unaphonya,
kabowo kongolowa nsonga ya chala.
"Bweretsa kuno, n'zamphindi ziwiri izi."
Ndinakana.
Tsikulo ndikulidziwa.
Foni ya kuchipatala cha ku Tórshavn inalira uli pamzere umenewo,
unayankha ndi dzanja limodzi, singano zili pamiyendo,
unati chabwino, ndamva, zikomo,
kenako unandifunsa ngati ndalowetsa zovala za pachingwe.
Unapitiriza kuluka mpaka pakati pa usiku.
Ine ndinatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Chimene sunawerengere n'chakuti mwana sadikira juzi.
Tróndur unamuyeza ali ndi zaka zisanu ndi zinayi,
pano mawu ayamba kumusweka pakhosi.
Ndinawonjezera m'munsi zala zinayi,
ulusi utatha ndinapempha kwa Oddvør,
wake ndi woderapo pang'ono,
moti pamimba pali mzere
ngati umene nyanja imasiya pamwala ikaphwa.

Ndinamaliza m'mwezi wa Malichi,
tsiku lomwe chifunga chinatseka doko lonse.
Amayi aja anaipatsirana m'manja,
anaitembenuza kunsi, pomwe bodza silibisala.
Oddvør anati yaipa, koma ndi yofunda.

Lamlungu mnyamata anaivala.
Mutu unavuta kutuluka, kenako unatuluka,
tsitsi lili nyankhalala.
Anatambasula manja onse awiri pakati pa khitchini
ngati mbalame yoyanika mapiko.
Wa kumanja unagwa bwino, wofewa, wopuma.
"Agogo, uwu ukundifinya,
kuyambira apa, pachigongono."
Ndinati eya, kuyambira pamenepo ndine.

Sanaivule.
Anapita nayo kumpira mvula ikuwaza,
chala chake chapeza kale kabowo ka m'khwapa,
akukakulitsa osadziwa.

Dzulo ndinagula ulusi wofiira kusitolo ya pafupi ndi tchalitchi.
Sindikudziwa kuti ndilukira ndani.
Rannvá akuti masokosi,
akuti chidendene ndiye chimaonetsa munthu.
Ndaponya maso makumi asanu ndi limodzi pasingano zako,
ndawerenga kawiri,
kawiri konse ndapeza makumi asanu ndi limodzi kudza limodzi.