Mapichesi Asanu ndi Awiri pa Chipata cha M'mapiri

Kuno kumtunda, pakati pa Argentina ndi Chile,
mphepo yokha ndiyo ilibe pasipoti.
Imadutsa pamphuno pathu ndi fumbi lake, ndi mungu wake.
Ena onse amaima pamzere.

Zaka khumi ndi chimodzi ndili pa tebulo ili.
Manja anga alowa m'zikwama zambiri
kuposa mmene agwirira manja a anthu.
Ndapezapo uchi m'botolo la mankhwala a chifuwa,
tchizi m'sokosi,
soseji itagona m'mkono wa jekete ngati yalipira lendi.
Galu wathu Canela sanamizidwa.
Amangokhala pansi pambali pa chikwama
n'kumuyang'ana mwini wake ngati wansembe wodikira kulapa.

Lachiwiri lija basi ya ku Mendoza inafika mochedwa.
Womaliza kutsika anali bambo Eleuterio Barrionuevo,
chipewa m'manja, zilembo zonjenjemera pa fomu.
Pa funso la zipatso anachonga kuti inde.
Ambiri amayamba akana.

Bokosi la nsapato. Mapichesi asanu ndi awiri,
lililonse litafunda nyuzi yakeyake.

"Mtengowo anabzala ndi mkazi wanga
chaka chimene Amparo anachoka pakhomo.
Mkazi wangayo tinamuika mu Ogasiti.
Amparo wachira sabata yatha ku Valparaíso. Mwana wamkazi."

Ndinawauza zimene ndimauza aliyense,
kuti kamphutsi kamodzi kobisala pafupi ndi nthanga
kangathe kuliritsa chigwa chonse kumusi uko.
Si bodza ayi.
Bambo anga omwe amadya za m'munda wa zipatso.
Koma choona chimenechi tsiku limenelo
chinandilemera pakamwa ngati mwala.

Anayang'ana mgolo wachikasu womwe timatayamo.
"Nanga za m'mimba, mumalandanso?"
"Ayi, bambo."

Anakhala pa sutikesi, natulutsa kampeni.
Loyamba anadya okha, osafulumira,
madzi ake akutsetsereka m'ndevu mpaka pa shati.
Lachiwiri anapatsa dalaivala.
Masisitere awiri anagawana limodzi, akuseka mobisa.
Mnyamata wa gitala anadya ndi khungu lomwe.
Mwana amene analira kuyambira ku Uspallata anatonthola.
Mzere unasweka, mafomu ananata m'zala,
mnzanga Nibaldo anayamba kusakasaka cholembera
chimene chinali kukhutu kwake.

Lomaliza analozetsa kwa ine.
Ndinabisa manja kumbuyo.
Malovu okha ndiwo anandipereka.
Anagwedeza mutu, nalidya okha, m'malo mwa Amparo.

Nthanga ndinaziwerenga zikugwera mu mgolo.
Go, go, go.
Zinakwana zisanu ndi imodzi.
Tsaya lawo lakumanzere linali litatupa
ngati la munthu wodwala dzino.

Tinayang'anana nthawi yokwanira kuphukira mtengo.
Kenaka ndinatambasula dzanja la golovesi.
Anailavula mofatsa,
yofunda, yonyowa, yamakwinya ngati nkhope yawo.
"Ndimangoyesa, mwana wanga."
"Ndikudziwa."

Go.

Canela anawatsata mpaka pakhomo la basi,
nakhala pansi, nandicheukira:
munthu uyu akununkhira, bwanji ukumusiya?
Ndinapukusa mutu.
Fungo palibe pa fomu.
Dontho la pa shati lilibe lamulo.

Basi inatsika njira yokhotakhota ija,
kakang'ono, kakang'ono, mpaka phiri linaimeza.
Usiku uno ku Valparaíso
mkazi wina atsegula chitseko, khanda kumkono,
aika nkhope pachifuwa cha bambo ake,
apuma kamodzi,
ndipo afika kuseri kwa nyumba ya mayi ake
osadinditsa chilichonse.

Ine ndinavula magolovesi.
Basi ina inali itaima kale panja.