Kuitana Mayina pa Lichenya

Tinanyamuka pa Likhubula kusanayere,
ine, ophunzira asanu ndi awiri,
ndi a Namathanga otinyamulira katundu,
amene mawondo awo amalidziwa phirili
kuposa mapu onse a mu ofesi mwanga.
M'chikwama muli tepi yoyezera, timaenvulopu ta njere,
ndi mapensulo, pakuti bolopeni
imakana kulemba m'chiperoni.

Chaka chatha tinadzala mbande mazana asanu za mkungudza,
iliyonse ndi nambala yake pa kachitsulo
ngati khanda la kusikelo.
Lero tabwera kudzaitana mayina.
Yoyamba, yauma.
Yachiwiri, moto unadutsa.
Yachitatu, kachitsulo kokha kali njo pa dothi,
kulondera dzenje.
Pofika masana zimene zinavomera kuti tilipo
zinali makumi atatu ndi imodzi.

M'kalasi ndimalankhula bwino ine.
Ndimalemba dzina la Chilatini pa bolodi,
nkujambula mzere wotsetsereka,
ana nkumakopera, mayeso nkumakhoza.
Kuno choko chilibe ntchito.
Mphepo ikundilanda mawu asanatuluke.

Ezelina Muhiwa, wa chaka chachitatu,
uja sakweza mkono m'kalasi,
anatsalira pa chitsa china chotuwa,
chotakata moti mbuzi ziwiri zikhoza kugonapo.
Ndinampeza chogwada,
akuwerenga mizere ya zaka ndi nsonga ya pensulo.
"Ndadutsa zana, Madamu. Pakati sindinafike."
Kenaka, osadzutsa mutu:
"Bambo anga ankacheka kuno.
Thabwa pa nkhata, usiku, opanda nsapato,
kutsika nalo mpaka kumsewu.
Fizi yanga ya Fomu Wani inkanunkhira chonchi."
Anakanda chitsacho ndi chikhadabo
nandiyandikizira chala kumphuno.
Mtengo unapita kalekale. Fungo silinasamuke.

Ndikanati chiyani?
M'pepala langa lija anandiombera m'manja kumsonkhano
bambo akewo ndinawatcha chiopsezo,
pa tsamba lachinayi,
pakati pa moto wolusa ndi nsabwe za m'mitengo.
Sindinalembe kuti chiopsezocho chimabuula ndi msana usiku,
kapena kuti chili ndi mwana wamkazi wokhoza masamu.

A Namathanga anayang'ana kumbali
namamanganso chingwe
chimene chinali chomanga kale.

Madzulo, m'kanyumba ka alendo,
tinakhuthulira njere pa mbale yachitsulo,
tochi ya foni ili pakamwa pa Likisho.
Zambiri zinali makoko okhaokha,
ukazitswa, mulibe kanthu.
Tinasankha zonenepa, imodziimodzi,
zala zitauma ndi chisanu.
Ezelina anatola ina, naiika pachikhatho:
"Iyi ikamera, idzafika pa chitsa chija liti?"
Ndinati, iwe ndi ine tidzakhala titaiwalika,
ndi yunivesite yomwe mwina itasintha dzina.
Sanaseke.
Anatenga envulopu nalemba tsiku, malo, kutalika kwa phiri.
Pa mzere wa wotola analemba Muhiwa,
zilembo zikuluzikulu, akudinikiza mpaka pensulo kuthyoka,
dzina lomwelo limene liri m'buku la milandu
ku ofesi ya zankhalango.

Lipoti likufunika Lolemba.
Muli bokosi la zamoyo, bokosi la zakufa,
bokosi la zifukwa, lalifupi ngati chala.
Ndidzalembamo moto, ndidzalembamo chilala,
ndipo sindidzakhala nditanama.

M'mawa tikutsika, nkhungu ili m'mawondo,
a Namathanga anaima pa mbande ina ya zotsala zija,
yofika m'chiuno mwa mwana.
Anatula katundu wathu yense pansi,
nazula udzu wouma wozungulira tsinde,
kuulambula bwinobwino ndi manja,
kuti moto ukadzabwera udzasowe podutsa.
Palibe anawatuma.
Ophunzira anaima nawayang'ana,
kenaka mmodzi, kenaka wina, anagwada.
Ine ndinayang'ana wotchi.
Minibasi inali itatisiya kale.