Chizindikiro Chake

M'kaundula wa sitima yapamadzi ya mu 1899
muli Wojtkiewicz, wa zaka makumi awiri ndi zitatu,
madola anayi m'thumba, dzanja lamanja loperewera chala.
Kalaliki wa pamgodi wa malasha ku Shamokin
anamva zake, nalemba Whitcavage.
Wakalembera anafika ali pa liwiro:
Witkavich, mkazi, ana atatu, ogona nawo asanu ndi awiri.
Wansembe yekha, wakwanu,
ndiye anasiyira dzinalo mchira wake wonse,
Vaitkevičius,
koma chaka chobadwa anachiphonya ndi zinayi.

Ine ndine White.
Dzina analidula ngati buluku la mkulu
kuti likwane mwana.

Azakhali Aldona amalumbira pali Mulungu
kuti munathawa usilikali wa mfumu ya Arasha
mutakwiriridwa m'ngolo ya udzu,
ndipo chalacho munachidula nokha ndi nkhwangwa
kuti mfuti ikukaneni.
Bambo aang'ono, a Vytas, ankaseka mpaka kutsamwa:
ati chinatsalira m'kamwa mwa kavalo wakuba.
Awiriwo anamva kwa mayi mmodzi,
m'khitchini imodzi.

Nanga mu 1911 munalowera kuti?
Ena amati denga la mgodi linakutsikirani.
Ndawerenga maina a akufa a chaka chonsecho
mpaka maso kuchita phulusa.
Simulimo, m'kalembedwe kalikonse.
Ena amatsitsa mawu, nayang'ana kukhomo:
Chicago, mkazi wina wosoka malaya.
Kumeneko ndapezako Bart Watkins,
wosenda zikopa kophera ng'ombe,
koma zala zake palibe anaziwerenga.

A Baltrus, agogo a bambo anga, mukundizemba.
Ndikatseka pa V mumatulukira pa W.
Ndikakutcherani ku tchalitchi
muli kale ku bala, m'buku la ngongole,
dzina lina, ludzu lomwelo.

Dzulo ku khothi la ku Sunbury
mayi wosunga mafailo anandibweretsera pepala la nyumba,
lofiirira, lonunkha chinyontho.
Mtima unagunda: lero mundiuza nokha.
Ndinatsika mzere ndi mzere
mpaka pansi, posainira.

Pali mtanda.
Timizere tiwiri topingasana,
inki itadontha pomwe cholembera chinapumira,
ndipo pambali, m'dzanja losalala la munthu wina:
chizindikiro chake.

Kani maina onsewa anali makutu a eni ake.
Inu munangolitchula, kamodzi, mwina kawiri,
m'phokoso la doko, m'fumbi la malasha,
kenako n'kuwasiya alimbane nalo.

Kamzere kamodzi n'kolimba.
Kenako kakunjenjemera, kopendekera kumanzere,
monga limalembera dzanja la zala zinayi.
Ndinaikapo chala changa, chomwe inu munalibe.

Mayi uja anagogoda pa tebulo:
tikutseka, lembani dzina lanu m'bukumu.
Ndinagwira cholembera nthawi yaitali.